Theka la a Choko

Abambo anga anagwira ntchito padoko zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo ntchito yawo yonse inali bolodi limodzi. Linali lakuda, lalikulu ngati chitseko, lokhomedwa pakhoma la ofesi moyang'ana kunyanja. Pamwamba pake panali kadenga kamalata komwe sikankatchinga kanthu mvula ikabwera ndi mphepo. Faifi koloko m'mawa uliwonse ankakhala pampando wachitsulo m'kaofesi kawo, khutu pawailesi, n'kumalemba m'kope zimene a zanyengo ankanena: mphepo ikuchokera mbali iti, ikuthamanga makilomita angati pa ola, mafunde akwera mamita angati, komanso ngati kutali pakati pa nyanja kukubadwa namondwe kapena ayi. Akamaliza ankatuluka ndi choko n'kukazilemba pabolodi paja ndi manambala akuluakulu, oti ngakhale msodzi amene anathawa sukulu ali mwana awaone. N'chifukwa chake padoko ponse ankawatcha a Choko. Malaya awo onse anali otuwa pathumba lakumanzere, ndipo amayi analimbana nawo kuchapa mpaka anamwalira asanapambane.

Chodabwitsa n'choti munthu ameneyu nyanja sankaiyenda. Anayesapo kamodzi asanakwatire, anasanza mpaka anzawo anawabweza asanaponye n'komwe ukonde, ndipo kuyambira pamenepo phazi lawo silinapondenso m'boti. Asodzi ankawaseka kuti a Choko nyanja amaimvera pawailesi ngati mpira. Koma za mphepo sukanawatsutsa. Ankadziwa kuti madzi akafunda kwambiri miyezi yotentha ndiye nthawi ya anamondwe, kuti mphepo ikafa mwadzidzidzi masana si nkhani yabwino, kuti funde loopsa si limene likuchita phokoso. Makope onse a zaka zimenezo ankawasunga m'katoni pansi pa bedi. Ukawafunsa za tsiku limene ndinabadwa, ankakuuza kuti mphepo inkachokera kumpoto ndipo mafunde anali mita imodzi. Kuti ndinabadwa nthawi yanji, zimenezo ankati ukafunse anamwino.

Ine ndine mwana wawo wachiwiri, wamkazi. Ndimagwira ntchito kufakitale ya ayisi tsidya lina la msewu, kuswa zibuma za ayisi zoti asodzi aziziritsire nsomba, ndipo zenera limene ndimaima pafupi nalo limayang'anizana ndi bolodi lija. Anthu amati ndili ndi pakamwa. N'zoona. Koma zimene ndikunena panozi zambiri ndinaziona ndi maso anga, tsiku ndi tsiku, manja atachita dzanzi ndi kuzizira.

M'munsi mwa bolodi abambo ankasiya malo a maboti. Boti likamatuluka padoko ankalemba kamzere kamodzi koimirira, pansi pake n'kuika chilembo choyamba cha dzina la mwini boti. Likabwerako ankatenga kansanza konyowa m'chitini n'kufufuta kamzereko. Palibe anawalamula zimenezi, anangoziyamba okha, koma doko lonse linazolowera. Mzimayi sankafunikira kufunsa munthu ngati mwamuna wake wafika. Ankangodutsa ndi dengu lake n'kuponya diso. Kamzere kalipo, ndiye kuti ali panyanja. Kafufutidwa, ndiye kuti ali pamtunda, ndipo ngati kunyumba sanafike akamufunefune kumowa. Amuna ena ankawanyengerera kuti akasiyeko kamzere kawo mpaka madzulo. Abambo sankaseka n'komwe. Ankati bolodi silinama.

Komatu linkanama tsiku lililonse, ndi theka la mita.

Msodzi ukamuuza kuti mafunde ndi mamita awiri, iye amamva imodzi ndi theka, chifukwa kunyumba ana akudikira. Abambo anazindikira zimenezi kalekale. Ndiye wailesi ikanena awiri, iwo ankalemba awiri ndi theka. Ikanena atatu, atatu ndi theka. Asodzi nawo si ana, anazitulukira n'kuyamba kuchotsera. Ankaima pabolodi manja ali m'matumba, wina n'kuti, "Awiri ndi theka, kuchotsa theka la a Choko, awiri. Tiyeni." Abambo ankawamva ali chikhalire pakhomo. Iwo ankawonjezera, anzawo ankachotsera, nambala n'kubwerera pamalo pake, aliyense n'kumadziona wochenjera. Zinayenda choncho zaka pafupifupi makumi atatu. Ana a asodzi ankaphunzira masamu ochotsera pabolodi limeneli asanalowe m'kalasi.

Amene ankalidziwa bwino thekali kuposa onse anali achimwene anga, mwana woyamba wa abambo. Anali ndi boti laling'ono la injini imodzi, ndipo ankayenda ndi amuna awiri. Anali munthu wosamala mpaka kutopetsa. Lamulo lawo linali limodzi: mamita awiri amapita, kupitirira apo amakhala pamthunzi n'kumasoka ukonde. Anzawo ankawanena kuti ndi mwana wa bolodi. Iwo ankayankha kuti ndisekeni, koma muzindiseka ndili wouma.

Kenako kunabwera abwana atsopano a padoko, munthu wa tayi ndi fayilo, wosakhala woipa ayi. Sabata yawo yoyamba anatenga kope la abambo n'kuliyerekeza ndi bolodi. Ndinawaona ndili pazenera, akuloza kope, akuloza bolodi, abambo ataima manja kumbuyo. Mawu ake sindinawamve. Anadzandiuza ndi mayi wosesa muofesi patapita miyezi: "Bambo, lembani zimene a zanyengo anena, osawonjezera, osachotsera. Inu si a zanyengo." Abambo anati chabwino bwana. Madzulo kunyumba anadya, anamvera nkhani, anakagona. Sanauze munthu. Anali ndi manyazi kuti pamsinkhu wawo wina wawadzudzula ngati wophunzira ntchito.

M'mawa mwake wailesi inati mphepo ikuchokera kum'mwera chakum'mawa, makilomita makumi atatu pa ola, mafunde mamita awiri ndi theka, ndipo kutali kuli namondwe amene akuoneka kuti adutsa cham'mbali. Abambo analemba ndendende, awiri ndi theka. Kwa nthawi yoyamba bolodi linanena zoona. Akanangoima pambali pake n'kunena kuti lero mulibe theka langa, basi. Mawu anayi okha, ndawawerenga pazala kambirimbiri. M'malo mwake analowa muofesi n'kumasanja mapepala, n'kumangotuluka kukalemba timizere. Maboti khumi ndi anayi anatuluka. Kamzere ka achimwene kanali kachitatu kuchokera kumanja.

Namondwe sanadutse cham'mbali. Cha m'ma leveni koloko kumwamba kunali kowala bwinobwino, mphepo kunalibe, koma nyanja inasintha kayendedwe. Mafunde ankabwera aatali, osalala, opanda thovu, otalikirana, lililonse likafika n'kukweza maboti onse omangidwa padoko nthawi imodzi, zingwe n'kulira. Akuluakulu anasiya zimene ankachita. Mafunde otere amathamanga kutsogolo kwa namondwe, amafika mwini wake akadali kutali. Wani koloko wailesi inasintha mawu: namondwe wakhota, mafunde mamita asanu. Abambo anafufuta nambala yakale n'kulemba yatsopano, koma oiwerenga anali akazi okhaokha. Pofika folo koloko kunali kutada, mvula inkayenda chopingasa, malata awiri a fakitale yathu anapita, ndipo mchere unkamveka m'kamwa ngakhale uli m'nyumba.

Maboti anabwera limodzilimodzi, ena tsiku lomwelo, ena mawa lake, lina patapita masiku atatu litakokedwa ndi sitima yonyamula katundu. Mvula inkatsuka bolodi, abambo n'kumalembanso timizere totsala, ali chinyowere. Khumi ndi atatu anabwera. Lotsalalo, la achimwene, analisaka masabata awiri. Anapeza chigubu cha mafuta ndi chivundikiro cha bokosi la ayisi, chakufakitale kwathu, nambala yake yolembedwa ndi dzanja langa. Zina palibe.

Sindinalire, ndinene zoona. Ndinkadikira kuti kulira kufika, ngati mmene munthu amadikirira basi, koma sikunafike. Ndinkapita kuntchito, kuswa ayisi, kubwerera. Abambonso sanalire. Mabanja a amuna awiri aja anachita maliro opanda mtembo, anthu anasonkhana, anaimba, anabalalika. Ife sitinachite. Achibale atabwera kudzafunsa tsiku, abambo anati boti silinabwere, ndipo munthu amene boti lake silinabwere ali panyanja. Anawathira tiyi, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu.

Wosesa uja atandiuza za abwana, ndinadikira abambo atuluke n'kukoka katoni pansi pa bedi. Ndinapeza tsamba la tsiku lija. Awiri ndi theka, nambala yomwe ija ndinaiona pabolodi m'mawa umenewo. Ndinakhala pansi kope lili pamiyendo, kuyembekeza kuti mtima uchita chinachake. Ndinangoona kuti pansi pa bedi panali fumbi lambiri. Ndinabweza kope, n'kukatenga tsache.

Choko sichikhalitsa pakhoma loyang'ana kunyanja, chinyezi chimachidya pofika m'mawa. Ndiye tsiku lililonse, akamaliza kulemba mphepo ndi mafunde, asanalembe boti lina lililonse, abambo ankadutsitsanso choko pa kamzere kaja, pamalo omwewo, ndi chilembo chake pansi. Sankaima kuti akayang'ane, sankausa moyo. Ankachita ngati mmene munthu amamangira batani la malaya. Zaka zitatu. Maboti ena ankalembedwa mokalambalala. Asodzi anasiya kuchotsera theka pasanathe mwezi, atazindikira okha kuti manambala asintha, ndipo ngati ena analumikiza zinthuzi m'mutu, sanazitulutse. Moni ankawapatsa a Choko ngati kale, kungoti zowaseka zija zinatha.

Amene kamzereko kankawamanga anali alamu anga, mkazi wa achimwene. Ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina kumsika, ndipo njira yawo inkadutsa padoko. Anatsala ndi mwana wamkazi wa zaka ziwiri. Chaka choyamba ankaima pabolodi. Chachiwiri ankadutsa osatembenuka. Chachitatu anayamba kuzungulira njira yakuseri kwa fakitale, yamatope, yotalika kawiri. Mzimayi wa zaka makumi atatu, wosakhala wamasiye, wosakhala wapabanja. Ngakhale kutchalitchi sankadziwa kuti awaike gulu liti.

Panali makaniko wina wokonza mainjini a maboti, munthu wofatsa amene mkazi wake anamwalira kale. Anayamba kubweretsa ovololo yake kuti aisoke, ovololo imene isanafike nthawi imeneyo sinkang'ambika kawirikawiri chotero. Doko lonse linkaona, ndipo palibe ankaipidwa nazo. Atafunsira, alamu anamuyankha kuti sangalowe m'nyumba ya mwamuna wina pamene apongozi awo akulemba m'mawa uliwonse, pamaso pa anthu onse, kuti mwamuna wawo ali panyanja. Makaniko anati adikira, ndipo anadikiradi chaka chathunthu. Kenako anapeza ntchito kudoko lina lakutali, yoyamba mwezi wotsatira. Anati akufuna apite ndi banja, koma ngati sizitheka, kupita kokha apita.

Ndinawapitira ine abambo. Ndinawapeza Loweruka masana pakhonde akusongola pensulo ndi lezala.

"Abambo, kamzere kaja mufufuta liti?"

"Boti likabwera."

"Silibwera. Mukudziwa inu, ndikudziwa ine, ngakhale agalu a padoko akudziwa."

"Nanga ukufunsiranji?"

"Alamu akufuna kukwatiwa."

"Ndawaletsa ine?"

"Mukuwaletsa faifi koloko iliyonse."

Anapitiriza kusongola. Pensuloyo inali itasongoka kale.

"Za theka lija ndikudziwa," ndinatero. "Ndinaona kope."

Sanadzidzimuke. Anasansa tizinyalala pathalauza. "Mlamu wako akudziwa?"

"Ine sindinawauze."

"Ndikafufuta ndiye kuti ntchito yanga pa boti limenelo ndamaliza," anatero. "Sindinamalize. Ndinaiyamba molakwa."

"Ndiye wovutika akhale mwana wa eni ake?"

Ndinawalankhula mawu ena amene sindingawalembe pano, mawu oti mwana sayenera kuuza kholo. Ankangondiyang'ana ngati akumvera wailesi ikunena za nyanja ya kwina. Ndinatuluka ndikuganiza kuti ndapsa mtima, koma ndisanafike pamsewu ndinali nditayamba kale kuganiza za sopo amene anatha kunyumba.

Mwezi womwewo unali womaliza wa abambo pantchito. Ofesi inali itayamba kutumiza za nyengo pafoni, ndipo bolodi ankangolisungira a Choko. Akapuma, aofesi alizula n'kupenta khoma. Anthu ena ankati basi nkhani yatha yokha, kamzere kapita ndi bolodi. Ndinakawauza alamu ndikuganiza kuti ndawanyamulira nkhani yabwino. Anaimitsa makina osokera.

"Akalizula kakadalipo, ndiye kuti sikanafufutidwe," anatero. "Kazikhala kwinakwake kuseri kwa ofesi, kali chiimire. Ine ndikufuna kafufutidwe ndi dzanja la bambo, alamu."

Tsiku lomaliza la abambo linali Lachisanu. Makaniko ankanyamuka Lolemba. Cha m'ma seveni koloko dzuwa linali litatuluka, nyanja ili phee. Pabolodi panalembedwa mphepo yochokera kum'mawa, makilomita khumi pa ola, mafunde mita imodzi. Maboti ambiri anali atapita kale. Ndili pazenera ndinaona alamu akubwera njira yakutsogolo, imene anaisiya chaka chathunthu, atagwira mwana padzanja. Ndinasiya nyundo n'kuwoloka msewu epuloni ili m'khosi.

Alamu anaima chapatali pang'ono, monga ankachitira nthawi zonse ndi apongozi awo, n'kupinda maondo.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, mayi. Kaya inu ndi mwanayu?"

"Tadzuka. Bambo, ndabwera kudzapempha kuti mufufute."

Abambo anayang'ana choko chimene chinali m'manja mwawo. Anachiika m'thumba, n'kuchitulutsanso.

"Mayi, pali zimene simukudziwa. Tsiku lija sindinawonjezere theka. Wailesi inati awiri ndi theka, ine ndinalemba awiri ndi theka, osauza munthu. Mwana wanga anawerenga dzanja langa n'kulikhulupirira." Ananena mosakweza mawu, mofanana ndi mmene ankanenera za mphepo.

"Ndikudziwa, bambo."

Abambo anandiyang'ana ine. Ndinapukusa mutu.

"Palibe anandiuza," alamu anatero. "M'mawa umenewo anabwerera kunyumba kudzatenga jekete. Anati adadi alemba awiri ndi theka, ndiye kuti awiri, ndibwera msanga. Atatuluka ndinatsegula wailesi ndikutsuka mbale. Inabwereza za nyengo. Inati awiri ndi theka. Ndinamva bwinobwino. Ndinaganiza zothamangira kuno, koma mwana ankalira, ndiye ndinati mwina makutu anga, bambo salakwitsa. Ndinamaliza mbalezo."

Kufakitale makina ankalira. Mwana ankakanda kachipsera pabondo.

"Zaka zitatu zonsezi?" abambo anafunsa.

"Zonsezi. Mbale zake n'zomwe zija, ndimazitsukabe m'mawa uliwonse. Koma ndatopa, bambo. Sindikumvanso kupweteka, sindikumva chilichonse, ndangotopa. Lolemba ndikufuna ndinyamuke."

Abambo anawerama, anatenga kansanza m'chitini, n'kukafinya. Anafufuta kuchokera pamwamba kutsika, kamodzi, monga anafufutira maboti zikwizikwi, kenako chilembo cha pansi chija. Pamalopo panada bii ndi madzi.

Tinaima chomwecho, sindikudziwa kuti tinkadikira chiyani. Dzuwa linali litafika pakhoma, ndipo bolodi silichedwa kuuma. Madzi akamatha, kamzere kanayamba kuonekanso. Choko cha m'mawa uliwonse wa zaka zitatu chinali chitadya penti n'kusiya thabwa lotuwa, kanjira kowongoka pamalo omwewo. Abambo ananyowetsanso kansanza n'kupukuta mwamphamvu. Panada, panauma, kanabwerera.

Mwana analoza. "Kalipo."

Alamu anam'tsitsa dzanja, osati mwaukali. Anayang'ana bolodi nthawi yaitali, kenako anayang'ana abambo.

"Kafufutika, bambo. Ndaona ndi maso anga. Zikomo."

Anapindanso maondo, anagwira mwana, n'kulowera kumsika njira yakutsogolo.

Abambo anatsala atagwira kansanza, madzi akudonthera pansapato. Sanandiyang'ane.

"Iwe ukuonapo chiyani?"

Ine wapakamwa uja, amene chibadwire sindinawabisirepo mawu. Kamzereko kanali pomwepo, kooneka bwino kuposa timizere tonse tachoko.

"Palibe, abambo," ndinatero. "Pafufutika."

Anagwedeza mutu, anapachika kansanza pamsomali kuti kaume, n'kulowa muofesi kukapereka makiyi.